Maliro a Korona Anatsala Pang'ono Kundipasulira Banja

Linali Lachisanu m'mwezi wa Januwale, chaka chimene Korona inavuta kwambiri, cha m'ma 2 koloko masana, pamene anatituma kukaika maliro kumudzi wina cha ku Ntaja. Kukhala chete kwanga kunayambira pamenepo, ndipo ndi kumene kunandilakwitsa.

Ndine mlangizi wa zaumoyo pa chipatala china chaching'ono ku Machinga. Nthawi imeneyo womwalira ndi Korona sankasambitsidwa ndi abale, tinkaika ndife. Malemuwo anali bambo amene anandiphunzitsa ku madrasa ndili mwana. Ana awo anabwera ndi madzi ndi sanda yokulungira mtembo, ndipo amene anawaletsa ndine. Wamkulu anandizindikira mawu ngakhale ndinali nditaphimba nkhope. Anangoti, "Achimwene, inunso?" Ndinangopitiriza ntchito.

Inu owerenga, tulo tinandithawa. Maliro ena anatsatira. Akabaza ankandikana, kumzikiti anthu ankasiya mpata pambali panga. Poopa kupatsira mkazi wanga ndi ana, ndinayamba kusamba kuchipatala ndisanabwerere kunyumba, n'kumagona m'kachipinda kosungira chimanga. Chakudya sichinkalowa. Sindinafotokozere munthu aliyense. Ndinkati zakuntchito n'zakuntchito, ndiponso mwamuna sadandaula.

Koma kwathu kuno, mwamuna akafika atasamba kale, n'kukana madzi amene mkazi wamuikira kubafa, n'kukananso chakudya, aliyense amadziwa tanthauzo lake: ali nako kwina kumene akusamba ndi kudya. Mkazi wanga anapirira ndithu, kenako anandifunsa, "Abambo a Amina, ngati mwapeza wachiwiri, bwanji osangondiuza?" Ndinamukalipira pamaso pa ana, zimene ndinali ndisanachitepo. Posakhalitsa anatenga anawo n'kupita kwa amalume ake ku Balaka.

Ndinapitirizabe ntchito ngati palibe chachitika, mpaka tsiku la sikelo ya ana pamene ndinalephera ngakhale kupopa katemera m'jakisoni. Anamwino athu, mayi achikulire, ananditengera kuseri kwa chipatala. "Mwadya liti inu?" Atangondifunsa choncho, ndinalira ngati mwana. Anandiuza kuti iwonso ankasanza m'mawa uliwonse asanavale yunifolomu, ndipo chimene chinawathandiza n'kukhala pansi ndi anzathu pomaliza ntchito n'kumauzana zimene aona. Kumeneko ankandiitana, koma ine ndinkati n'zachizimayi. Anandipemphera masiku opuma.

Anzanga a zaumoyo, kutopa kwa mumtima ndi matenda, ndipo sikuoneka pa makina oyezera. Mukaona tulo tathawa, chakudya sichikulowa, mwayamba kukalipira osalakwa, uzani wina msanga. Ngati mukudzipatula poteteza a kunyumba, auzeni chifukwa chake. Mukapanda kuwauza, adzapeza okha chifukwa china, ndipo simungawadzudzule.

M'mawa wa tsiku loyamba lopuma ndinakwera minibasi ya ku Liwonde, n'kulumikiza ya ku Balaka. Amalume anayala mphasa pakhonde, mkazi wanga anakhala chapatali atayang'ana kumbali. Ndinafotokoza zonse, osabisa ngakhale za kulira kuja. Nditamaliza, mkazi wanga anati, "Ndiye inu munaona kuti ine sindingathe kusenza nanu zimenezi?"

Sanabwerere nane tsiku limenelo. Anati ndipite ndikayambe ndagona tulo, iye aganize kaye.