Belu Linalira Ndidakali pa Moni

Amuna anga anamwalira Lachinayi, 4 koloko masana, ali pa ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Finglas. Permit yanga yokhalira m'dziko muno inadalira yawo. Maliro atatha ndinauzidwa kuti ikadzatha, ine ndi ana anga awiri tikhoza kubwezedwa kumudzi.

Ntchito anandipezera ndi bambo mfumu a kuparishi kwathu ku Tyrrelstown: kukolopa ndi kukonza tiyi mu ofesi yaing'ono kuseri kwa Parnell Street. A mu ofesimo ntchito yawo ndi kulankhula ndi boma m'malo mwa anthu amene sangafikeko okha. Mkulu wawo anali a Deirdre. Ndikamapukuta matebulo ndinkawamva akuimbira foni munthu mmodzimodziyo sabata ndi sabata, osakwiya. Nkhani yaitali ankaifinya mpaka ikwane pa tsamba limodzi, ndipo aliyense wa boma amene akumana naye ankamulembetsa m'kaundula wa poyera, kuti pasakhale zam'seri.

Atamva za ine anati, "Esnart, tikupempha boma kuti wamasiye asamataye permit chifukwa cha imfa. Ungapite nane ukanene wekha?"

Tinapita kunyumba ya malamulo kukaonana ndi TD wina, phungu wa kuno. M'basi a Deirdre anandibwerezera kuti, "Nthawi ndi yochepa. Nena zimene zinachitika, upemphe chinthu chimodzi." Ndinavomera. Koma titakhala pansi, pakamwa panga panachita zakwathu. Munthu wamkulu sungamugwere ndi mavuto usanamulonjere. Ndinawafunsa mmene adzukira, za amayi kunyumba, za ana. Iwo anayankha mokondwa, mpaka kundionetsa chithunzi cha mdzukulu. Kenaka belu linalira m'nyumba monse. Anaimirira nati akukavota, ndipo anatuluka. Dzina la amuna anga ndinali ndisanalitchule n'komwe.

Ndinati ndawaphera ana anga mwayi.

A Deirdre sanathamangire bambo aja. Anatembenuzira mpando wawo kwa mayi amene anakhala pakona ndi laputopu, mlangizi wa TD uja, amene ine ndinkamuyesa mlembi chabe.

"Uyu ndiye amalemba mafunso amene bwana amafunsa nduna," anatero. "Esnart, yamba ndi Lachinayi lija."

Ndinanena zonse. Mayiyo anasiya kulemba pamene ndinati mwana wanga wamng'ono sadziwa dziko lina koma lino. Anafunsa mtundu wa permit, a Deirdre anayankha, nampatsa tsamba limene analembapo nkhani yanga.

Tili panja ndinapepesa. A Deirdre anaseka. "Bambo aja amaona anthu ambiri. Wowafunsa za ana awo ndiwe wekha. Akukumbukira. Koma ulendo wina, moni mmodzi basi!"

Iwo sanalekere pomwepo. Anaimba, analemba, anaimbanso, mpaka TD uja anafunsa nduna funso la amasiye m'nyumba ya malamulo. Lamulo silinasinthebe, a Deirdre akulimbana nalo mpaka lero. Koma nkhani yanga inaunikidwa payokha, ndipo ndinapatsidwa permit ya dzina langa.

Ndinaphunzira kuti ntchito iyi si ya pakamwa pokoma ayi. Ndi kudziwa woyenera kumuuza, ndi kusatopa kubwererako.

Ndimakolopabe m'mawa. Masana ndimakhala ndi amayi amene akukaonana ndi a boma, ndipo timayeserera limodzi zokanena.