Tirigu wa madzi a kugalaja

Kwathu ku Chamama mwamuna aliyense ankalima fodya, koma bambo anga anaona kuti fodya ndi wa anthu wamba. Iwo ankafuna satifiketi ya uchikumbe yopachika pakhoma, ndiye anafesa tirigu kudimba, mbewu yomwe ngakhale mayi sankadziwa kaphikidwe kake.

Dimbalo linali kumunsi kwa esiteti ya bwana wina wamkulu m'chipani. Kamtsinje komwe tinkathirira kankadutsa kuseri kwa galaja yake, komwe ankatsukirako mathirakitala ndi kutayirako mabatire akutha. Madzi ankafika kwathu akunyezimira mitundumitundu. Bambo ankawayang'ana monyadira.

"Madzi onona awa," ankatero. "Tirigu anenepa."

Pamwamba pake anathira feteleza wa fodya, wosayeza, chifukwa kwa iwo mbewu yachizungu sinkayenera kumanidwa. Ndipo tiriguyo anakuladi mochititsa kaso, mpaka akulu a mpingo ankapatuka kudzamuona.

Alangizi a zaulimi anatengako ngala zingapo kukayezetsa ku Lilongwe. Atabwerera sanafune kukhala pakhonde. Anatengera bambo ndi mayi kuseri kwa chigafa, ine ndikutchera khutu.

"Bambo, tirigu uyu wamwa mtovu wa m'mabatire aja. Feteleza wanuyu wawawitsa nthaka, ndiye mizu ikukoka zoipazo kwambiri. Ana asalawe. Zimaononga ubongo pang'onopang'ono."

"Ndiye mulembe kuboma," anatero mayi.

Alangizi anayang'ana uku ndi uku. "Mayi, ndilembe kuti madzi a ndani?"

Apo nkhani inathera. Masiku amenewo madzi a munthu wamkulu sankakhala oipa.

Tinakolola matumba asanu. Bambo anakana kutaya, ati anthu afunsa chifukwa chake, ndipo chifukwacho n'chomangitsa. Komanso anayamba kunena kuti alangiziwo ndi ansanje, kaphala kamodzi sikangaphe mwana. Mayi anaona kuti tsiku lina adzatipeza tikudya.

Ndiye anapeza nzeru. Bwana wa esiteti ankabwera kudzachititsa msonkhano wa chipani, ndipo mwambo unali woti mudzi upereke mphatso: mazira, nkhuku, mbuzi. Mayi anavala chitenje chawo cha chipani, anavina mpaka thukuta, kenako anagwada n'kupereka matumba onse asanu. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Bambo anaitanidwa kutsogolo, anagwiridwa chanza, anatchedwa mlimi wachitsanzo. Pobwerera mayi ankaseka okha njira yonse.

"Amwe madzi ake," anandinong'oneza.

Koma tinaiwala kuti anthu akuluakulu amakhalanso achifundo, makamaka ndi zinthu zopatsidwa. Patatha sabata ziwiri, aphunzitsi aakulu anatiimitsa pamzere kusukulu n'kulengeza kuti bwana, pokonda ana, watitumizira ufa wa tirigu woti tizimwa phala. Tinaomba m'manja, tinaimba nyimbo yothokoza.

Mayi atamva anakhala pansi. Kukauza aphunzitsi kunali kunyoza mphatso ya bwana. Anangondigwira dzanja mwamphamvu.

"Iwe uzinena kuti tirigu amakutsegula m'mimba. Wamva? Usauze munthu china chilichonse."

Ndinamvera. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo mantha ndinkawadziwa kale. Tsiku lililonse ndinkalandira kapu yanga yodzaza n'kupatsa mnzanga yemwe ndinkakhala naye desiki imodzi, mwana wa matenanti a kuesiteti, amene ankabwera kusukulu osadya kanthu. Ankamwa makapu awiri, n'kumauza aliyense kuti ine ndine wamtima wabwino. Mpaka lero zimandiwawa.