Gobnait wa Mchere

Mlamu wanga Gobnait ankadziwika ndi batala. Ng'ombe zinali ziwiri zokha, koma batala wake ukamupaka pa mbatatesi yotentha unkaiwala kuti denga likudontha.

Tsiku limene zinamuwonongekera ankapukusa mkaka, chifukwa mawa lake kunali dima, amuna a m'mudzi kudzatithandiza kumweta udzu wa ng'ombe. Ali mkati mopukusa analowa a Fachtna, oyandikana nafe nyumba. Ndi mwana yemwe amadziwa kuti ukapeza munthu akupukusa umagwirako ndodo yopukusirayo, ngakhale pang'ono, ndipo moto sutuluka m'nyumba mpaka batala atagwirana. Apo ayi, mwayi wa mkakawo umapita nawo. A Fachtna anangotola khala pamoto, kuyatsira kaliwo, awo akutuluka utsi uli tolotolo.

"A Fachtna, tabwererani mudzagwireko," anatero Gobnait.

"Nkhosa zanditulukira, mayi. Mikono si muli nayo iwiri?"

Gobnait anapukusa mpaka m'manja munatuluka matuza. Anathiramo madzi ofunda, anaika chitsulo chochotsa tsoka pansi pa mgolo wa mkakawo, anapemphera, koma mkaka unangochita thovu. Mawa lake amuna anadya mbatatesi zoviika mumchere, n'kutsitsira madzi. Wina anafunsa ngati ng'ombe zathu zinali pa Lenti, anzake n'kufa nako kuseka. Kuyambira pamenepo anamutcha Gobnait wa Mchere.

Zimandipsetsa mtima mpaka lero. Mayi uja anapanga batala wabwino moyo wake wonse, anthu omwewo n'kumadya, kunyambita zala, koma dzinalo osachoka. Iye naye anauma mutu: aliyense wolowa akupukusa ankamugwiritsa ndodo, ngakhale ansembe asanavule chipewa. Ana ankalambalala khomo lathu.

A Fachtna atadwala mwakayakaya, Gobnait, nayenso tsitsi litayera, ananyamula ndodo ija ulendo kwawoko. Ndinamuletsa, osamva, ndiye ndinangomutsatira. Anaima pambali pa bedi n'kuwalozetsa ndodoyo.

"Gwirani," anatero. "Mundibwezere zanga musanapite."

A Fachtna anayang'ana ndodoyo nthawi yaitali, kenako anayang'ana iye, akumwetulira ngati awona mlendo wabwino.

"Kodi si a Gobnait a Mchere awa? Mwachita bwino kubwera. Ndakhala ndikufuna kukufunsani, dzina limeneli linabwera bwanji?"