Tayala ndi Thumba la Ufa ku Chawama

Ba Mainess anabwera ku komboni ya Chawama kuchokera kwawo ku Katete ali mtsikana, atakwatiwa ndi Lemmy Chishimba, Mbemba amene ankagwira ntchito pafakitale ina ya mabulangete. Anali mayi wamfupi, wamawu aakulu, wosajomba kutchalitchi ngakhale mvula itadzaza misewu. Zaka zoyamba zinali zokoma ndithu, moti mwana wawo woyamba, Kafula, anayamba sukulu atavala nsapato.

Kenaka dziko linayamba kuterera. Mkuwa, umene dziko linkadalira, unatsika mtengo, sopo ndi mafuta ophikira zinasowa m'masitolo, fakitale ija n'kutsekedwa. Lemmy ankangoswera pakhonde, wailesi ili pakhutu. Ba Mainess sanadikire. Anayala saka m'mbali mwa msewu n'kuyamba kugulitsa makala m'tizitini. Anzawo apamsika atawauza za sing'anga wa ku komboni ya George wopereka mankhwala okokera makasitomala, iwo anangoseka. "Ine nili naye kudala Mwini wanga," anatero, "sinifuna wachiwiri."

Chaka chimene ufa unavuta kwambiri, tsiku lina anaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kupeza thumba limodzi. Atatsika minibasi analitula pansi kuti amange bwino chitenje. Pomwepo bambo wina wowonda ngati bango analinyamula n'kuliyatsa liwiro.

"Kawalala! Kawalala!" anakuwa Ba Mainess.

Anyamata oitanira mabasi anamutchera mwendo, thumba n'kuphulikira m'matope. Khamu linamuunjirira ndi miyala ndi zibakera. Wina anabwera akugubuduza tayala, wina atanyamula botolo la parafini.

Ba Mainess ataona tayalalo, mkwiyo wonse unawathera. Anakankha anthu ndi zigongono, anakhala pansi n'kuika mutu wa wakubayo pamiyendo pawo.

"Chokani apo, amai, timuotche!" anakalipa mwini botolo uja.

"Unga ni wanga, si wanu," anayankha osagwedezeka. "Ine mwine wake namukhululukira. Mulungu anakamba kuti usaphe. Sanakambe kuti unga ukadula lamulo yasila. Ngati mufuna kuotcha, yambani na ine."

Mwala wina unawagunda paphewa. Iwo m'malo molira anayambitsa nyimbo ya pamaliro, ija aliyense m'komboni anaiimbapo poika m'bale wake. Amayi awiri ogulitsa tomato anavomera, ena n'kutsatira. Amuna aja anayamba kuyang'ana pansi. Wa tayala analisiya pomwepo n'kuzemba. Wakubayo anamutengera kuchipatala pa wilibala, ndipo sanabwerenso kudzathokoza, dzina lake lomwe silinadziwike.

Kunyumba Lemmy analusa, n'kuitana mkazi wake ndi dzina la mwana monga amachitira Abemba. "Bana Kafula, bana bazadya chifundo chanu?"

"Bazadya vamene nawola," anatero mkazi wake, akusefa ufa umene anautola m'matope n'kuuyanika. Mchenga unkalira m'mano masiku angapo, ana akudandaula, koma palibe anagona ndi njala. Pamsika ena anasiya kuwagula makala, ati ndi mayi wa akawalala. Phewa lija silinapolenso bwino. Mpaka ukalamba dzanja lamanja silinkafika pamutu.

Patapita nthawi, Lemmy ali kutaveni anamva amuna akusimba nkhani ya mayi wamisala amene anatchinjiriza wakuba. Anaimirira, chikho chili m'manja. "Uja ni mukazi wanga," anatero, "ndipo pali imwe bonse palibe angachite vija." Lamulungu lotsatira anavala jekete yake yakale ya kuntchito n'kuperekeza mkazi wake kutchalitchi. Anakhala pabenchi ya kumbuyo, pafupi ndi khomo.

Ntchito ya ulonda Lemmy anaipeza patapita zaka zingapo. Ba Mainess ankagulitsabe makala pamalo omwewo, ndipo kolera itabuka ku Chawama, anali m'gulu la amayi amene ankatungira madzi ndi kuchapira mabanja amene anthu ena ankaopa kulowa m'nyumba zawo.