Chitini cha Pakhonde

Chinali chitini cha penti, chadzimbiri, chobooledwa pansi ndi msomali. Chinkakhala pakhonde pathu ku Redcliff, ndipo m'menemo munali kachitsamba kakutchire, kolekeza m'bondo, ka maluwa apinki aang'ono ngati zikhadabo za khanda. Dzina lake palibe ankalidziwa.

Chinali chaka chimene fakitale ya zitsulo inazima. Utsi unatha, zovala pachingwe zinayamba kuuma zoyera. Chaka chomwecho amayi anachira mwana wamkazi, yemwe anangokhala masiku anayi. Pa mwambo umene makolo athu anabwera nawo kuchokera ku Malawi, khanda lotere limaikidwa ndi akazi okhaokha, kudambo, popanda mtanda, popanda kulira. Amayi sanalire. Patatha sabata anapita kudamboko, nabwerako ndi kachitsambako.

Malume ankaseka. "Achemwali, maluwa asowa? Kameneka ndi sora, udzu wachabe."

Mwezi wogulitsa thonje amayi anapita ku Gokwe kukagulitsa zovala za kaunjika. Sabata yomweyo aphunzitsi anati aliyense abweretse chomera chakutchire, ndi mizu yomwe. Kutchire kunali kutali, khonde linali pafupi. Ndinazula kachitsamba ka amayi. Ndikukumbukirabe kulira kwa mizu ikuduka, ndi fungo la dothi lonyowa. Aphunzitsi anakaonetsa kalasi yonse, nang'amba muzu ndi lezala. Anzanga anandiombera m'manja. Ndimafuna kunena kuti sindinkadziwa, koma ndinkadziwa ndithu kuti sikanali kanga.

Amayi anabwera fumbi la basi lili m'tsitsi. Anayang'ana chitinicho nthawi yaitali. Za kusukulu anali atazimva kale.

"Aphunzitsi anakondwa?"

"Eya."

"Chabwino."

M'mawa mwake anapita kudambo. Anapeza anthu ochotsedwa ntchito atalima ponseponse, mizere yokhayokha. Anabwera chimanjamanja, chisoso chitamatirira kuchitenje.

Lero ndine munthu wamkulu. Mkazi wanga anamwalira miyezi isanu yapitayo. Ine palibe anandiletsa kulira, koma misozi sinabwere. M'mawa uliwonse ndimatsitsa makapu awiri, kenaka imodzi n'kuibwezera. Za ku koleji sizinandiphunzitse zimenezi.

Amayi sanabzalenso china m'chitinimo, komanso sanachitaye. Tsiku lililonse ankatapa madzi ndi kapu m'ndowa n'kuthira m'menemo, ngakhale pamene mipopi inauma ndipo madzi tinkachita kukatunga kutali. Ine ndinkaima pakhomo, chikwama kumsana, kuyang'ana madzi akudontha pabowo la msomali, ndikudabwa kuti munthu wamkulu angathirire bwanji dothi lopanda kanthu.