Mbuzi imene ndinaiona ndekha

Cha m'ma 1990 ndinkaimbira mpira wa anyamata a ku Chinyunyu ndi a ku Mpanshya. Mabvuto, mlongo wake wa Esnati, mtsikana amene ndinkamufunsira, anaponda mnzake mwadala pamaso panga penipeni. Dzanja langa linali kale pa khadi lofiira, koma Esnati anali pambali pa bwalo, akundiyang'ana.

Ndinaliza wezulo n'kukuwa kuti, "Mbuzi yalowa m'bwalo!" Lamulo limati chiweto chikasokoneza masewera, woimbira amangogwetsa mpira pakati pa osewera. Ndinaugwetsa msangamsanga, khadi lili m'thumba. Ndivomere lero, mbuzi kunalibe.

"Ba Refu, ili kuti?" anafunsa wopondedwa uja, akutsimphina.

"Yathawa," ndinatero, thukuta lili kamukamu.

Tsiku la ukwati wathu, Mabvuto anabwera akukoka kambuzi pachingwe.

"Alamu," anatero, "taipeza."