Tsiku limene masapota anakhala pansi

Ndinayamba kupita kumpira nditakalamba kale. Mawondo atakana kupalasa makala kuchokera kumapiri, ana anandiuza kuti ndipume, koma kupumako kunandipweteka kuposa ntchito. Munthu ukangokhala pakhonde, zakale zimabwera n'kukhala nawe pampando womwewo. Choncho Loweruka masana ndinkatenga njinga yanga kuchoka ku Nabvutika, kudutsa pakati pa maminibasi ndi akabaza, mpaka kubwalo kumene timu yakwathu imasewera.

Mpirawo sindiudziwa kwenikweni. Mpaka lero ofusayidi ndimangoimva pakamwa pa anzanga. Chimene chinkandikoka ndi ng'oma. Amene ankaiimba ndi bambo wina wowonda, wa zaka makumi atatu ndi kanthu, wovala chipewa chaubweya ngakhale mu Okutobala. Akaigunda kawiri, mbali yathu yonse inkadzuka: ogulitsa pamsika, aphunzitsi, akalaliki a m'maofesi, zidakwa. Fumbi linkakwera mpaka phiri lakuseri kwa tauni kubisika.

Aliyense ankadziwa kuti bamboyo amadwala maganizo. Mwezi ndi mwezi ankapita kuchipatala kukabayitsa jakisoni. Mayi wina wogulitsa mtedza pafupi ndi waya wotchinga bwalo ankamufunsa mokweza, anthu onse akumva:

"Iwe, mwezi uno wabayitsa?"

"Ndabayitsa, amayi. Simukuona ndakhalira tako limodzi?"

Anthu ankaseka, iyenso n'kumaseka. Ine ndinkangoti kukamwa yasa. Matenda amenewa kuwatchula poyera ngati malungo!

Ndinali ndi mng'ono wanga. Tinkakhala kumudzi, kufupi ndi Tamanda. Atakwana msinkhu wokwatira anayamba kuyankha mawu amene ife sitinkawamva, kuvula malaya, kuthawira kudambo. Chipatala cha amishoni chinali pamtunda woyenda wapansi, koma tonse tinati izi si za kuchipatala. Atate anali atamwalira, ndiye udindo unali wanga. Ndinam'mangirira pamzati wa nkhokwe ndi mphira za chubu, zomwe ndinkamangira katundu panjinga. Mphira simasuka, munthu akamakoka, imalowa m'mnofu. Anakhala pamenepo dzinja lonse. Nthawi zina mutu wake unkayera, n'kundiuza bwinobwino kuti, "Achimwene, ndimasuleni, ndili bwino lero." Sindinam'masule. Zilonda za m'mikono zinatukusira, ndipo anamwalira chimanga chisanakhwime.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti panalibe china chochita. Kenaka, imvi zitamera, ndinalowa kalasi ya akuluakulu kutchalitchi n'kuphunzira kuwerenga. Tsiku lina ndili pamzere kukiliniki ndinawerenga chipepala chapakhoma, liwu ndi liwu, chala chili pansi pa zilembo. Chinkanena kuti matendawa ali ndi mankhwala. Ndinachiwerenga kawiri, poganiza kuti ndalakwitsa. Chiyambire tsikulo tulo tanga tinachepa. Mkazi wanga mpaka kumwalira kwake ankadziwa kuti mlamu wake anafa ndi malungo.

Loweruka limene ndikufuna kunena, tinkasewera ndi timu ya ku boma lina, ndipo inabwera ndi anthu ake pa lole. Kunkatentha. Chigawo chachiwiri chitayamba, ng'oma inayamba kusokonekera, kenaka inasiya. Woimba ng'oma uja anali chilili, akuyang'ana m'mwamba ndi kukangana ndi munthu amene panalibe. Pambuyo pake tinamva kuti anakakhala kumaliro kumudzi masabata angapo, tsiku la jakisoni n'kumudutsa. Anavula malaya, anatola mwala dzanja lililonse. Anthu anam'zungulira. Akatembenukira uku, a uku n'kubwerera m'mbuyo, a kumbuyo kwake n'kusendera pafupi.

"Wamisala uyo! M'mangeni asanaphe munthu!" anakuwa mmodzi wa alendo aja. Anaona njinga yanga itatsamira waya. "Madala, tibwerekeni mphira!"

Izi ndizinena monga zinachitikira. Sindinakane. Sindinaganizenso n'komwe. Manja anga anali atamasula kale mphira pakaliyala, ataipinda pawiri n'kupanga chigoba cholowetsa mkono, mmene ndinkachitira kalelo. Zaka zonsezo manjawa sanaiwale. Ndinayamba kuyenda kum'zembera kumbuyo, ndipo anthu ankandipatukira poona kuti mkuluyu ntchitoyi akuidziwa.

Amene anandiimitsa ndi mayi wa mtedza. Anaima patsogolo panga, lichero lili m'chiuno.

"Atate, imeneyo ndi ya makala. Kaibwezeni."

Kenaka anatembenuka n'kukweza mawu, koma osati mokalipa: "Khalani pansi. Nonse. Mwaiwala? Pansi!"

Anayamba ndi amene anali pafupi. Kenaka a kumbuyo kwawo, ndi a kumbuyo kwa amenewo. Ndinaona mbali yathu yonse ikutsika ngati udzu mphepo ikaugoneka. Abwana a nsapato zowala anakhala pafumbi. Chidakwa china chimene sichimva za munthu chinakhala, n'kukokera pansi mlendo wokuwa uja pomugwira lamba. "Khala pansi, mlamu, kuno si kwanu." Ine ndinatsala ndekha chilili ndi mphira yanga, mpaka mwamuna wina anandikoka buluku.

Tili pansipo anandinong'oneza. Anati izi zinachitikaponso kale, ndipo namwino wina amene amaonera nafe mpira anawaphunzitsa. Munthuyo akadwala, aliyense woimirira amamuona ngati mdani wobwera kudzamugwira. Anthu akakhala pansi, amaona kuti palibe akum'thamangitsa.

Wina anayambitsa nyimbo imene woimba ng'oma amakonda, koma chapansipansi, ngati ya pamaliro. Onse analandira. Mpira m'bwalo unkapitirira, popeza woimbira mpira sankadziwa kanthu. Ndiye chinachitika chinthu chimene ndikafa ndidzapita nacho. Mnyamata wathu wakutsogolo analandira mpira, anapyola awiri, anaumenya. Unalowa. Tinauona tonse kudzera pa waya, ukonde ukugwedezeka.

Palibe anadzuka.

Anthu amenewa ndimawadziwa. Chigoli chikalowa amagwetsana, amataya zipewa, amathira mowa pamitu ya anzawo. Tsiku limenelo osewera athu anathamangira kumbali yathu manja ali m'mwamba, n'kupeza khamu lonse lili pansi likuimba motsitsa. Anaima modabwa. Mwamuna amene anali pambali panga analuma chipewa chake, misozi ili mbwembwembwe, akunong'ona kuti, "Chigoli, Ambuye, chigoli." Koma sanasunthe. Ndapemphera m'matchalitchi ambiri, ndipo sindinaonepo anthu akudzigwira chotero chifukwa cha munthu mmodzi.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Woimba ng'oma anayang'ana mitu yonseyo ili pansi pake. Mwala umodzi unagwa. Wachiwiri anauika yekha pansi, bwinobwino, kenaka anakhala. Mayi wa mtedza anakwawa ndi mawondo mpaka pamene anali, n'kumupatsa malaya ake.

"Tipite kwa adokotala, mwananga?"

"Galimoto ayi. M'galimoto muli anthu aja."

"Nanga njinga?"

Akabaza angapo anakweza manja. Iye anawayang'ana, kenaka analoza ine.

"Madala awo. Amafuna kundimanga awo."

"Eya," ndinayankha. Bodza linandikanika.

"Njinga yanu ili ndi mabuleki?"

"Akumbuyo okha."

"Tiyeni."

Anakwera pakaliyala n'kundigwira malaya m'mbali. Mayi uja anasiyira mnzake lichero, natitsatira pa kabaza. Tinalowa mumsewu waukulu pakati pa mahutala a magalimoto ndi anthu obwera kumsika. Mawondo anga ankalira, koma ndinapalasa. Kumbuyoku iye ankayankhulabe ndi anthu ake aja, nthawi zina kuwakalipira, nthawi zina kuseka. Akanafuna kudumpha akanadumpha. Panalibe chomugwira.

Pachitunda ndinatsika n'kumakankha, iye ali pompo. Apo ndi pamene ndinayankhula, maso ali pa handulo. Ndinamuuza za mng'ono wanga, za mzati wa nkhokwe, za dzinja lija. Ndinali ndisanauzepo munthu wamoyo. Sindidziwa kuti anamva zingati, chifukwa mawu ena aja ankam'sokosera. Ndinakankhabe njinga mpaka tinafika pamwamba.

"Ankaimba?" anandifunsa.

"Ankaimba. Kuposa ine."

"Mukanabwera naye kumpira."

Ndinakweranso njinga n'kupalasa. Tinafika pageti la chipatala, ndipo anatsika yekha. Mayi wa mtedza anabwera n'kuima pambali pake, osamugwira. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Madala, bwererani mukandionere ng'oma. Zidakwa zija zingaiboole."

Ndinati ndipita, koma ndinaima kaye. Mlandu wanga sunathe tsiku limenelo, ndipo sindikhulupirira kuti udzatha. Ndinangoima pagetipo ndi njinga, kuyang'ana munthu wodwala matenda a mng'ono wanga akulowa m'chipatala ndi miyendo yake, manja ali omasuka m'mbali, mpaka anakhota pakona.